Kompyuta ndi scanner zimalankhulana m'timaphukusi

Aliyense amene anaimapo pamzere wolipirira katundu m'supamaketi amadziwa kaphokoso kaja koti "pii!" wogulitsa akadutsitsa paketi ya shuga pa kuwala kofiira. Ife a kalabu ya kompyuta tinkaganiza kuti scanner imangowerenga timizere ta bakodi n'kulemba nambala basi. Ma scanner ambiri olumikizidwa pa USB amachitadi choncho: amadziyesa kiyibodi, n'kutayipa manambalawo. Koma otere amangoyankhula okha, kompyuta ilibe njira yowauzira kuti aime kaye kapena abwereze.

Pali njira ina imene tinaikonda kwambiri, yotchedwa Simple Serial Interface, mwachidule SSI. Anaikonza a kampani ya ku America ya Symbol Technologies, imene inagulidwa ndi Motorola mu 2007, ndipo kuyambira 2014 ma scanner akewo ali m'manja mwa Zebra Technologies. Mu SSI, kompyuta ndi scanner zimatumizirana mauthenga, ndipo uthenga uliwonse umamangidwa ngati kaphukusi ka ma baiti, kondondozana mofanana nthawi zonse. Baiti ndi nambala yapakati pa 0 ndi 255.

Baiti yoyamba imanena kutalika kwa phukusilo, kuti wolandira adziwe pomwe likuthera. Yachiwiri ndi lamulo lenilenilo: 228 ndiye kuti yamba kuwerenga, 230 liza kabelu, 234 leka kuwerenga mpaka ndidzakuuze. Yachitatu imanena mwini uthenga, 4 ngati ndi kompyuta, 0 ngati ndi scanner. Yachinayi imasunga tizizindikiro tina, kenako pamabwera katundu wa uthengawo ngati alipo. Kumapeto kuli ma baiti awiri otchedwa checksum, ndipo apa m'pamene masamu athu a m'kalasi anagwira ntchito.

Titenge lamulo loti yamba kuwerenga. Phukusi lake ndi 4, 228, 4, 0. Tikaphatikiza timapeza 236. Wotumiza amachotsa 236 pa 65,536, yomwe ndi 256 kuchulukitsa ndi 256, n'kupeza 65,300, ndipo nambala imeneyi ndiyo amaimata kumapeto. Wolandira naye amaphatikiza yekha zimene wamva, n'kuwonjezerapo checksum. Yankho likakhala 65,536, phukusi lafika bwino. Tiyerekeze kuti waya ndi wotha, 228 yasanduka 229 panjira. Ngoziyo si yaing'ono, chifukwa 229 ndi lamulo losiyaniratu loti siya kuwerenga. Koma masamu sagwirizana, yankho likhala 65,537, ndiye scanner silimvera phukusilo.

Ikatero siingokhala chete. Imabweza phukusi lokana, la nambala 209, ndi chifukwa chake: kaya checksum yalakwika ndipo uthenga ubwerezedwe, kaya lamulolo silikudziwika, kaya silingatheke. Zonse zikakhala bwino imabweza 208, kuvomera kuti yamva. Scanner nayo ikawerenga bakodi imatumiza phukusi la 243, lonena mtundu wa bakodiyo ndi manambala ake, n'kudikira kuti kompyuta ivomere. Nthawi yoikika ikatha popanda yankho, imatumizanso.

Kubwereza kumeneku kuli ndi msampha wake, umene mnzathu wina wa Fomu 3 anaugwira tisanauganize n'komwe. Nanga ngati kompyuta inalandira bwinobwino nambala ya shuga uja, koma 208 yake ndiyo inasokonekera panjira? Scanner idzaganiza kuti sinamveke, idzatumizanso, ndipo kompyuta idzakhala ndi nambala imodzi kawiri. Okonza SSI anaziona zimenezi. Mu baiti yachinayi ija muli kachizindikiro kamene kamakhala 0 uthenga ukamatumizidwa koyamba, n'kukhala 1 ukamabwerezedwa. Pulogalamu ya pakompyuta ikaona 1 pa uthenga umene inalandira kale, iyenera kungovomera osaulembanso. Wolemba pulogalamuyo akaiwala kuyang'ana pamenepo, paketi imodzi ya shuga ija mudzailipira kawiri.