Kodi "kuuma mtima" kwa mwana wolakwira lamulo kungayezedwe?

Ku Malowera, monga m'madera ena a boma la Marávia, mnyamata akagwidwa ataba mbuzi kachitatu kapena atavulaza mnzake, anthu sachedwa kugamula. Ena amati anamulodza, ena amati anabadwa wouma mtima ndipo sadzasintha. Akatswiri a zamaganizo nawonso ali ndi dzina la khalidwe lotere: pa Chipwitikizi amati psicopatia. Si misala ayi. Munthu wake amaganiza bwinobwino, koma samva chisoni ndi amene wamupweteka, sadziona wolakwa, amanama mosavuta ndipo amakomera anthu m'maso kuti awadyere masuku pamutu.

Njira yotchuka yoyezera khalidweli inachokera ku Canada. Robert Hare anatulutsa mndandanda wotchedwa PCL-R mu 1991, woyezera akaidi akuluakulu. Mu 2003, iye pamodzi ndi Adelle Forth ndi David Kosson anatulutsa wina wa achinyamata a zaka 12 mpaka 18, wotchedwa PCL:YV. Uli ndi mfundo 20, ndipo pa mfundo iliyonse katswiri amapereka 0, 1 kapena 2, kotero chiwerengero sichipyola 40. Katswiriyo sangoyang'ana nkhope ya mwana. Amacheza naye nthawi yaitali, kenako amawerenga zolembedwa za kusukulu, kupolisi ndi kukhoti, n'kufunsanso omulera, chifukwa mwana wozolowera bodza amanamizanso womuyeza. Ku Portugal, Pedro Pechorro ndi anzake anayesa njirazi m'Chipwitikizi pa achinyamata osungidwa m'malo ophunzitsira ana olakwa.

Zimene kafukufuku wotere wakhala akupeza n'zakuti achinyamata okhala ndi chiwerengero chokwera amayamba kulakwa adakali aang'ono, amachita zachiwawa kwambiri, ndipo ambiri amabwerezanso akatuluka. Choncho muyesowu si wachabe.

Koma apa ndi pofunika kudekha. Zina mwa zimene mndandandawu umafufuza, monga kuchita zinthu mopupuluma, kukonda zoopsa ndi kusaganizira za mawa, zimapezeka mwa anyamata ambiri a zaka 15, ngakhale amene adzakhale alimi ndi aphunzitsi odalirika. Mu 1993, Terrie Moffitt anafotokoza kuti achinyamata ambiri olakwa amayamba akamatha msinkhu n'kusiya okha akakula, ndipo ndi ochepa chabe amene amayamba ali ana n'kupitiriza moyo wonse. Donald Lynam ndi anzake anatsatira anyamata a mumzinda wa Pittsburgh ku America kuyambira ali ndi zaka 13 mpaka 24. Mu 2007 analengeza kuti ambiri mwa amene anaoneka ouma mtima kwambiri pa zaka 13 sanapezeke ndi psicopatia atakula. Ndiye chifukwa chake akatswiri osamala satchula mwana kuti psicopata. Amangoti ali ndi zizindikiro zake. Ndipo ku Mendota, m'chigawo cha Wisconsin, kumene amasunga anyamata ovuta kwambiri, anaona kuti kuwayamikira msanga pa chabwino chilichonse chimene achita kumathandiza kuposa kuwonjezera chilango, ndipo obwerezanso zachiwawa anachepa. Ana oterewa chikwapu sichiwaopsa kwenikweni.

Palinso vuto lathu lakuno. Mafunso analembedwa poganizira mwana wa ku Toronto kapena Lisboa. Mwana wathu amene amawerama osayang'ana wamkulu m'maso, kapena kungokhala chete pomufunsa, akupereka ulemu, mwinanso ali ndi mantha. Katswiri wosadziwa Chinyanja, wodalira womasulira, angathe kulemba kuti mwanayo alibe chisoni.

Nanga lamulo likuti chiyani? Kuno ku Mozambique, mwana wosakwana zaka 16 saweruzidwa ngati munthu wamkulu ndipo sayenera kutsekeredwa m'ndende. Nkhani yake imatsata Lamulo nambala 8/2008, limene limapatsa khoti mphamvu yomudzudzula, kumupereka m'manja mwa makolo kapena omulera, kapena kulamula kuti aziyang'aniridwa. Wa zaka 16 mpaka 21 amayankha mlandu, koma chilango chake chimachepetsedwa. Ndende yapadera ya achinyamata ili ku Boane, m'chigawo cha Maputo, kutali kwambiri ndi Fingoè. Bwalo la m'mudzi, tribunal comunitário, limaweruza timilandu ting'onoting'ono basi ndipo lilibe mphamvu yomanga munthu.

Zonsezi zimadalira zaka, choncho mwana wopanda kalata ya kubadwa ali pangozi yoti amuyese wamkulu chifukwa cha thupi lake. Makolo amene mwana wawo wagwidwa atenge cédula kapena BI yake popita kupolisi, ndipo apemphe thandizo la IPAJ, bungwe la boma loimira pa milandu anthu opanda ndalama. Ngati mwana wayamba adakali wamng'ono kuzunza ziweto, kuwotcha zinthu dala ndi kupweteka anzake popanda chisoni, osadikira kuti apolisi ndiwo ayambe kumudziwa. Pitani naye kuchipatala mukafunse técnico de psiquiatria kapena psicólogo, ndipo aphunzitsi ake mukawauze.