Nkhokwe Imodzi, Alembi Ambiri

Lero tikambirane za nkhokwe, koma osati ya chimanga ayi. Tikunena nkhokwe ya pa kompyuta, imene imasonkhanitsa zolembedwa za m'maofesi osiyanasiyana kuti akuluakulu aziziona pamalo amodzi. Akatswiri amaitcha data warehouse, ndipo Bill Inmon wa ku America adalemba buku la kamangidwe kake mu 1992.

Taganizani za mayi wa ku Mtsiliza amene adachilira ku Bwaila, amapita ndi mwana kusikelo ku Area 25, ndiponso adagonekedwapo ku Kamuzu Central. Konseko adamlemba, koma mlembi aliyense mwa njira yake. Mu 2001 bungwe la Baobab Health lidayamba kulemba odwala pa kompyuta ku chipatala chachikulu cha Lilongwe, ndipo Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziŵerengero za m'maboma kudzera mu DHIS2. Chovuta tsono ndicho kulumikiza zonsezi.

Vuto loyamba ndi maina. Kalaliki wina alemba Mtsiliza, mnzake Ntsiliza. Mayi akakwatiwa, dzina lisintha. Kompyuta iŵerenga anthu aŵiri pamene pali mmodzi. Nchifukwa chake chiphaso cha unzika nchofunika. Mu 2017 National Registration Bureau idalemba Amalaŵi oposa 9 miliyoni, ndipo nambala ya munthu sisintha monga dzina.

Lachiŵiri ndi matanthauzo a mawu. A kusikelo akati "mwana" akunena wosakwana zaka 5. Opereka ma ARV akunena wosakwana zaka 15. Kuthira ziŵerengero zimenezi m'dengu limodzi nkusakaniza mapira ndi mpunga. Woitanitsa mankhwala akadalira chiŵerengero chotere, chipatala china chidzasoŵa mankhwala pamene kwina akuwonongeka.

Lachitatu, limene liposa onse, ndi anthu eni ake. Gulu lililonse la akatswiri lili ndi makina ake, mabwana ake ndi olithandiza ndalama ake, ndipo limaumira zolemba zake. Pakapezeka cholakwa, akonze ndani? Nanga ndani aloledwe kuona matenda a mayi uja? Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 lifuna kuti funso limeneli liyankhidwe mosamala.

Motero makina asanagulidwe, maguluwo ayenera kukhala pansi, nagwirizana tanthauzo la liwu lililonse ndi mwini wa ntchito iliyonse. Paja mutu umodzi susenza denga. Tsalani bwino.