Agogo anabwerera ku mgodi, adzukulu anakwera m'malere

Kukuwa kunayamba kumveka tisanatsike n'komwe m'galimoto. Kunali kukuwa kwa anthu ambiri pakamodzi, kukwera, kutsika, kuzimiririka, kenako kuyambiranso. Bambo anga, omwe tsopano ali ndi zaka 73, anaima chilili khomo la galimoto ali chigwirire, khutu atatchera.

"Kwagwanji uko?" anafunsa.

"Palibe chagwa, ababa," anayankha mlongo wanga akumwetulira. "Anthuwo akusangalala."

Bambo anapukusa mutu. Kwathu ku Dedza anthu akakuwa choncho ndiye kuti nyumba yapsa kapena wina watisiya. Apa n'kuti tili pa chipata cha Gold Reef City, malo a masewera omwe ali kummwera kwa mzinda wa Johannesburg, Loweruka lina m'mawa dzuwa litangoyamba kutentha.

Mlongo wangayu amakhala ku Turffontein, kufupi ndi malowa, ndipo amasoka zovala. Kwa miyezi ingapo anakhala akuika padera kangachepe kuti bambo akabwera kudzaona adzukulu, banja lonse lidzapite kokayenda. Matikiti a anthu asanu si ndalama yamasewera kwa munthu wodya za makina osokera, koma iye anali atatsimikiza mtima. Ine ndi bambo tinayenda pa basi masiku awiri, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Kwa ine unali ulendo wokaona abale. Kwa bambo kunali kubwerera ku Joni koyamba chichokereniko mu 1974.

Gold Reef City anaimanga pamalo pomwe panali mgodi weniweni wa golide, chitsime nambala 14 cha Crown Mines, chomwe chinatsekedwa m'zaka za m'ma 1970. Chitsimecho chinakumbidwa kupitirira makilomita atatu kulowa pansi. Eni malowa anamanga timisewu, masitolo ndi nyumba motengera momwe Johannesburg ankaonekera atangobadwa, golide atapezeka pa famu ya Langlaagte mu 1886. Pambali pake pali Apartheid Museum, nyumba yosunga mbiri ya tsankho, yomwe inatsegulidwa mu 2001. Koma ana sanabwerere zimenezo. Maso awo anali m'mwamba, kumene njanji zopotanapotana zinali kudutsa pamwamba pa mitengo.

M'Chichewa tilibe dzina la chinthuchi. Azungu amati roller coaster. Mwana wamng'ono wa mlongo wanga, kamnyamata ka zaka 7, anafotokozera agogo ake m'njira yakeyake: "Ndi sitima, agogo, koma sipita kulikonse. Imangokuzungulitsani n'kukubwezani pomwe munakwerera."

Kamnyamatako n'komwe kanayamba kulira tsikulo. Pakhomo la sitima iliyonse pali choyezera msinkhu, ndipo amene sanafike pa mzere sakwera, kaya alire bwanji. Iko kankafuna Anaconda, sitima yaikulu imene mchemwali wake wa zaka 14 anakhala akuitchula sabata yonse. Kanaima pa choyezeracho, kanayesa kunyang'ama, koma mutu sunafike. Wogwira ntchito pamenepo anakana mwaulemu. Akuluakulu amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi umusemere imufotere yekha, koma apa mwambiwo sugwira, ndipo ine ndikugwirizana ndi lamuloli kotheratu. Chitsulo chotchinga pachifuwa anachipanga poyeza thupi la msinkhu winawake, ndipo mwana wochepera pamenepo sichingamugwire bwino sitimayo ikatembenuzika.

Amene anatonthoza mwanayo ndi agogo ake. Anaona kasitima kena kakang'ono ka ana, n'kuwerenga dzina lake mokweza: Shongololo.

"Iwe, ameneyutu ndi bongololo," anatero. "Bongololo weniweni wa kwathu. Tiye ukakwere, ine ndikuonerera."

Kanakwera katatu, misozi itauma kalekale.

Ine ndinapita ku Anaconda ndi mtsikanayo. Tinaima pamzere nthawi yaitali ndithu, ndipo mzerewo ndi mbali ya masewerawo, chifukwa uli pomwepo umaona nkhope za amene akutsika, ena akuseka, ena atagwira pamimba, ena akuthamangira kukaimanso kumbuyo. Anaconda, yomwe inayamba kuyenda mu 1999, siili ngati sitima imene timaidziwa. Njanji ili pamwamba pa mutu, mipando imalendewera kunsi kwake, miyendo ili lende popanda popondapo. Atatitsekera zitsulo za pamapewa, wantchito anadutsa mpando ndi mpando akukoka chilichonse kuti aone ngati chagwira.

"Amalume, musatsinzine," anandiuza mwanayo. "Mukatsinzina ndiye mumachita chizungulire."

Tcheni chinayamba kutikokera pamwamba, khe khe khe, pang'onopang'ono. Anthu pansi anasanduka nyerere. Ndinaona nsapato zanga zikulendewera pamwamba pa madenga. Kenako phokoso la tcheni lija linangoti zii, ndipo tinagwa. Mphepo inandimenya kumaso mpaka misozi kutuluka yokha. Thambo linabwera kumapazi, nthaka inapita kumutu, miyala ndi madzi zinadutsa pafupi moti ndinapinda miyendo. Ndinamva mawu anga akukuwa limodzi ndi a anthu omwe sindiwadziwa. Sitima itaima, manja anga anali akunjenjemera, koma mumtima munali mopepuka ngati munthu amene watula katundu wolemera. Mtsikanayo anandigwira dzanja, nkhope ili ngwee.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti sitima zambiri zoterezi zilibe injini. Tcheni chimangoikweza pa chitunda choyamba, chomwe chimakhala chachitali kuposa zonse, ndipo kuchokera apo imayenda ndi liwiro lomwe yapeza potsetsereka, monga njinga ya kabaza imachitira ikamatsika phiri mwini wake osapalasa. Magudumu ake amagwira njanji mbali zitatu, pamwamba, m'mbali ndi pansi, n'chifukwa chake siichoka panjanji ngakhale itazondoka. Pali zina zosiyanako, monga Golden Loop, yomwe imakankhidwa mwamphamvu kuchokera poima, n'kuzungulira kamodzi chakutsogolo, kenako kubwerera chambuyo m'njira yomweyo. Imeneyo inayamba yagwira ntchito ku America, pamalo otchedwa Carowinds, isanabwere ku Johannesburg.

Ndipo mbiri ya masewerawa imakhudzananso ndi migodi. Ku Pennsylvania, m'dziko la America, kunali njanji ya Mauch Chunk yomwe anaimanga mu 1827 kuti ngolo za malasha zizitsetsereka kuchoka kuphiri. Anthu anayamba kulipira kuti akwere nawo ngolozo, kungofuna kumva liwiro. Mu 1884 LaMarcus Thompson anamanga njanji yongosewerera ku Coney Island, mumzinda wa New York, ndipo kuyambira pamenepo zinafalikira dziko lonse. Ndinkaziwerenga zimenezi ngati mbiri yakutali, mpaka pomwe ndinaona bambo anga ataima patsogolo pa Tower of Terror.

Tinawapeza ali okha, chipewa chili m'manja, akuyang'ana nsanja yachitsulo yaitali. Pamwamba pake ngolo yonyamula anthu ochepa inasendera pang'onopang'ono mpaka kumapeto, inaima kamphindi, kenako inagwa chamutu, molunjika, mamita pafupifupi 50, n'kulowa m'dzenje pansi pa nthaka. Pokhota pansipo thupi la munthu limapanikizika ndi mphamvu yoposa kasanu ndi kamodzi kulemera kwake. Pakhomo pali chikwangwani choletsa odwala mtima, a BP, a msana ndi amayi oyembekezera. Bambo sankawerenga chikwangwanicho. Ankayang'ana nsanjayo.

"Chitsulo ichi ndikuchidziwa," anatero motsitsa mawu. "Pa mgodi uliwonse chimakhalapo. Pamwamba pake pamakhala magudumu a chingwe cha chikepe. Ifetu tinkalowa m'chikepe chotero m'bandakucha, titapanikizana ngati matumba a chimanga. Chikangomasulidwa, mimba inkabwera kukhosi. Tsiku loyamba ndinaitana amayi anga."

Ana aja anasiya ayisikilimu wawo n'kusendera pafupi. M'zaka zonse zomwe ndakhala ndi bambo, za ku Joni ankangotchula njinga, wailesi ndi jekete zomwe anabwera nazo. Za pansi pa nthaka sanatiuzepo.

Anapita mu 1972, ali mnyamata, kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya South Africa, lomwe pambuyo pake anthu analidziwa ndi dzina loti Theba. Dzina la Wenela lidakalipo pa depoti ya mabasi ku Blantyre, ngakhale achinyamata ambiri okwera pamenepo sadziwa chiyambi chake. Nthawi imeneyo Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya kumeneko. Pa 4 Epulo 1974 ndege yonyamula anthu obwerera kwawo inagwa itangonyamuka ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo anthu oposa 70 anafa, ambiri mwa iwo Amalawi. Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchitoyo. Inayambiranso mu 1977, koma chiwerengero sichinabwererenso mwakale, ndipo mu 1988 inatheratu pa mkangano wokhudza kuyeza HIV. Bambo anabwerera kumudzi chaka cha ngozi ya ndegeyo, nakwatira, nayamba kulima mbatata.

Mlongo wanga ndiye anafunsa, mwamantha pang'ono, ngati angakonde kulowa nawo pansi. Malowa amatsitsa alendo m'chitsime chakale chija mamita 75, kuti akaone momwe ntchito inkayendera. Bambo anakhala chete nthawi yaitali.

"Tiyeni," anatero. "Ana awa akaone."

Anatipatsa zisoti zolimba ndi nyali. Bambo anavala chawo mosayang'ana n'komwe, manja akukumbukira okha. M'chikepe kamnyamata kaja kanakakamira mwendo wa agogo ake, ndipo iwo anaika dzanja pamutu pake mpaka tinafika. Pansipo panali chinyezi ndi fungo la mwala wonyowa. Wotitsogolera anafotokoza za kuboola mwala, za kuphulitsa, za ngolo zokankha ndi manja, za kutentha komwe kumakula munthu akamatsikirabe. Bambo anamulankhula mawu angapo m'Chifanakalo, chilankhulo chosakaniza chomwe anthu a mitundu yosiyanasiyana ankamvana nacho m'migodi, ndipo wotitsogolerayo anatembenuka modabwa n'kuwagwira chanza ndi manja awiri. Alendo ena, azungu ndi akuda omwe, anasiya kujambula makoma n'kuyamba kumvetsera nkhalamba ya ku Dedza.

"Apa m'pakhonde chabe," anauza adzukulu awo. "Ife tinkapita pansi kwambiri, kumene mwala umatentha ukaugwira. Fumbi linkalowa m'mphuno, m'makutu, m'chifuwa. Anzanga ena anabwerera kumudzi akutsokomola, ndipo chifuwacho sichinawasiye."

Pamenepa ndiyenera kunena zomwe zinandikhudza. Matenda a fumbi la m'migodi ndi enieni, ndipo mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana 5 biliyoni za Rand zolipira ogwira ntchito m'migodi ya golide omwe anadwala matendawa ndi TB, kudzera ku bungwe la Tshiamiso Trust. M'midzi ya ku Malawi muli nkhalamba ndi amayi amasiye omwe akhala akudikira ndalama za ku migodi kwa zaka zambiri, mapepala awo atasungidwa m'mapulasitiki pansi pa sutikesi. Sindikuona cholakwika kuti pamalo pomwe panali thukuta lero pali chisangalalo. Ana ayenera kusewera, ndipo dzikolo lachita bwino kusunga chitsimecho m'malo mochikwirira. Chomwe chingandipweteke n'chakuti mwana wa Mmalawi akuwe pa Tower of Terror, adye, ajambulitse, abwerere kunyumba osadziwa kuti agogo ake anatsikapo m'dzenje lotero tsiku ndi tsiku kuti kumudzi kugulidwe malata.

Titatuluka tinaonerera akusungunula golide n'kumuthira m'chikombole, ali psuu ngati moto. Bambo anati zaka ziwiri zonse zomwe anagwira ntchito, golide womalizidwa sanamuonepo ndi maso, ankangoona mwala wotuwa. Tinaoneranso anyamata ovina gule wa magambuti, womenya nsapato ndi manja, yemwe anayambira m'migodi momwemo, ndipo phazi la bambo linkagunda pansi motsatira.

Chakumadzulo mtsikana uja anakwera Tower of Terror yekha, amayi ake atagwira pakamwa. Atatsika anathamangira kwa agogo ake, tsitsi lili nyankhalala.

"Agogo, m'chikepe mwanu munkamva chonchi?"

"Chimodzimodzi, mdzukulu wanga. Kungoti iwe watuluka pompano. Ife tinkatuluka dzuwa litapendeka."

Chifukwa cha BP, bambo sanakwere sitima iliyonse. Koma anavomera kukwera chigudumu chachikulu chozungulira pang'onopang'ono, tonse asanu m'kabokosi kamodzi. Titafika pamwamba, mzinda wonse unaoneka: nyumba zosanja za pakati pa tawuni, nsanja ya Hillbrow, misewu yodzaza magalimoto, ndi zitunda zachikasu za dothi lotsala m'migodi. Bambo analoza zitundazo ndi chala, osanena kanthu. Kamnyamata kaja kanawafunsa ngati akuopa kutalika, ndipo anati ayi, kumwamba kuli mpweya.

Tinabwerera ku Turffontein kutada, ana atagona pamiyendo pathu. Bambo anakwera basi ya ku Malawi Lachitatu lotsatira, m'thumba la jekete muli chithunzi chawo atavala chisoti cha mu mgodi pakati pa adzukulu awiri. Inu amene muli ku Joni, ngati kumudzi kuli bambo kapena agogo amene anapita pa Wenela kapena pa Theba ndipo akadali ndi mphamvu zoyenda, aitaneni. Mukapita nawo ku Gold Reef City yambani ndi kutsika mu mgodi ana ali pomwepo, sitimazo mukwere pambuyo.