Mbala zolowera m'lamya: zimene mipingo ya ku Mambwe iyenera kudziwa

Masiku ano si ndalama zonse za mpingo zimene zimafika m'mbale ya copereka. Ku Mfuwe, ku Masumba, kwa Jumbe ndi kwa Msoro, cakhumi ca mkhristu amene asewenza m'maloji a ku South Luangwa, kapena ca mwana wa mpingo amene ali ku Lusaka, cimabwera pa Airtel Money kapena MTN MoMo. Ndalama za cigwirizano ca amai, za malata a chalichi ndi za maliro nazo zimagona m'lamya ya msungicuma. Lamya yakhala nkhokwe, ndipo mbala yake sifunika kutsika msewu wa Chipata kuti ibe. Imaba ili kutali.

Vutoli lili m'dziko lathu lomwe lino. Mu May 2022 gulu lochedwa Hive linalowa m'makompyuta a Bank of Zambia ndi pulogalamu imene imatseka mafailo n'kufuna dipo, koma banki inakana kulipira. Mu April 2024 bungwe la Drug Enforcement Commission, pamodzi ndi apolisi, linagwira anthu 77 pa kampani ya Golden Top Support Services ku Roma mu Lusaka, n'kupezako ma SIM card opitirira 13,000. Acinyamata a m'Zambia analembedwa nchito yoceza ndi anthu pa WhatsApp ndi Telegram kuti awanyenge. Mu June caka comweco khoti inalamula kuti anthu 22 a ku China akakhale m'ndende zaka zoyambira 7 kufika 11. Ngati mbala zotere sizinaope banki yaikulu ya dziko, lamya ya dikoni wa kumudzi sizingaiope. Makomo amene zimalowera ndi atatu.

Khomo loyamba: pulogalamu yoipa

Mabando a intaneti ndi odula, motero ambiri timapatsana ma app kudzera pa Xender kapena Bluetooth, kapena timasiya lamya kwa mnyamata wa pa msika kuti atiikiremo. Vuto ndi lakuti app yotere palibe amene anaifufuza. Ena amakonda WhatsApp yosinthidwa cifukwa ili ndi mitundu yokongola ndiponso imaonetsa mauthenga ofufutidwa. Kampani ya Kaspersky inapeza vairasi yochedwa Triada mu FMWhatsApp mu 2021, ndipo mu 2022 inaipezanso mu YoWhatsApp. Vairasi iyi itha kuwerenga ma SMS anu, kukulembetsani ku zinthu zolipira inu osadziwa, ndi kuitana mavairasi ena. Zizindikiro zake ndi izi: batire kutha msanga, tokotaimu kusowa popanda kuimba, ndi zotsatsa malonda kumangotulukira zokha. Ma app ena a ngongole za msanga amapempha cilolezo coona manambala onse a m'lamya, ndipo mukacedwa kubweza amayamba kutumiza mauthenga ocititsa manyazi kwa abale, ngakhale kwa abusa.

Khomo laciwiri: cibowo cosatsekedwa

Pulogalamu iliyonse inalembedwa ndi anthu, conco imakhala ndi zolakwika. Zina mwa zolakwikazo zili ngati mpata wa mumpanda umene mwini munda sanauone koma njovu yauona kale. Mu May 2019 kunapezeka cibowo mu WhatsApp cimene cinalola pulogalamu ya ukazitape ya Pegasus, yopangidwa ndi NSO Group ya ku Israel, kulowa m'lamya mwa kungoimbiridwa, ngakhale mwini wake osayankha. Malamya pafupifupi 1,400 anakhudzidwa. Mankhwala ake anali update, ndiko kuti kacidutswa ka pulogalamu kotseka cibowoco. Uthenga uja timaukankhira kumbali poopa kutha bando ndiwo umakonza mpanda. Komanso lamya ikakalamba, opanga ake amaleka kuitumizira update. Lamya yotere ndi yabwino poimba, koma isakhale yosungiramo ndalama za mpingo.

Khomo lacitatu: mwini lamya

Ili ndilo khomo lalikulu, cifukwa silifuna vairasi. Tonse tinalandirapo uthenga wakuti ndalama ija titumize pa nambala yakutiyakuti. Ena amaimba monga anchito a kampani ya lamya, kapena monga a boma olembetsa FISP ndi Social Cash Transfer, n'kufunsa PIN. Njira imene imagwira kwambiri akhristu ndi ya manambala asanu ndi imodzi. Munthu amaimba mwaulemu, akuti pali msonkhano wa mapemphero pa intaneti, ndipo mumuwerengere manambala amene angofika pa SMS. Manambalawo ndi kiyi ya WhatsApp yanu. Akaipeza amalowa m'gulu la mpingo ndi dzina lanu ndi cithunzi canu, n'kuyamba kupempha thandizo la wodwala amene kulibe. Abale amatumiza cifukwa amakukhulupirirani.

Zimene mpingo ungacite

Coyamba, PIN ndi manambala obwera pa SMS sauzidwa munthu, kaya ndi wa pa buthu, mwana wa m'nyumba kapena woimba wonena kuti ali ku likulu. PIN isakhale caka cobadwa, cifukwa cili pa NRC. Caciwiri, ma app azicokera pa Play Store, ndipo mukapeza netiweki yabwino lolani update ithe. Cacitatu, tsegulani two-step verification mu WhatsApp. Imeneyi ndi PIN yaciwiri imene mbala ilibe. Cacinai, pempho lililonse la ndalama, ngakhale lioneke locokera kwa abusa, litsimikizidwe mwa kuimba nambala imene mumaidziwa kale n'kumva mau awo.

Bungwe la akulu nalo lili ndi mbali yake. Ndalama za mpingo zikhale pa SIM yakeyake, zilembedwe m'buku tsiku lomwe zalowa, ndipo zikaculuka zipite ku banki kumene potapa pamafunika anthu awiri kapena atatu osaina. Izi zimateteza cuma, komanso zimateteza dzina la msungicuma.

Kuba kukacitika, imbani msanga ku kampani ya lamya kuti atseke akaunti, kanenani ku polisi, ndipo nambala ya wonyengayo ineneni ku ZICTA pa *707#. Dziwitsaninso gulu la mpingo tsiku lomwelo. Ambiri oberedwa amakhala cete cifukwa ca manyazi, ndipo pamene ali cete mbala imapitiriza kupempha m'dzina lao. Pamapeto pake mpingo umayamba kukaikira munthu wosalakwa. Conco akulu ndi madikoni alandire woberedwa monga momwe amalandirira amene njovu zamudyera munda, ndipo pa Sabata, nthawi ya zolengeza, apatule mphindi zocepa zofotokozera anthu makomo atatu awa.