Dontho limodzi la magazi, bodza la madola 9 biliyoni

Ukapita kukayezetsa magazi, pepala la zotsatira sulitsutsa. Akati uli ndi malungo, umamwa LA. Akati shuga wakwera, umasiya tiyi wa masupuni atatu. Sunaone makina amene anayeza magazi akowo, ndipo sudziwa ngati amene anawagwira anaphunzira ntchitoyo. Umangokhulupirira kuti pali wina, kwinakwake, amene amayang'anira zimenezi. Nkhani ya kampani ya Theranos ku America ikusonyeza zomwe zimachitika woyang'anirayo akachedwa kufika.

Theranos anaiyambitsa Elizabeth Holmes mu 2003 ali ndi zaka 19, ndipo anasiya sukulu pa yunivesite ya Stanford kuti alimbane nayo. Lonjezo lake linali lokoma kumva: palibenso jakisoni wopopa magazi pamkono, angokubaya chala, timadontho tochepa tiyezedwe matenda ambirimbiri pa kamakina kotchedwa Edison. Anthu olemera anakhuthula ndalama, moti pofika 2014 kampaniyi ankati ndi ya madola 9 biliyoni. Inatsegula malo oyezera magazi m'masitolo a mankhwala a Walgreens, ambiri ku Arizona, ndipo anthu wamba ankapitako.

Koma kamakina kaja sikankagwira ntchito monga ankanenera. Mtolankhani John Carreyrou wa nyuzipepala ya Wall Street Journal anaulula mu Okutobala 2015 kuti magazi ambiri ankayezedwa pa makina ogula kwa makampani ena monga Siemens. Popeza dontho la pachala ndi lochepa, ankayamba alisungunula kaye kuti likwanire m'makinawo. Aliyense amene anaphikapo thobwa akudziwa kuti ukawonjezera madzi, kukoma kumasintha. Magazinso chimodzimodzi, zomwe ukufuna kuyeza zimachepa mphamvu ndipo mpata wolakwitsa umakula.

Nanga boma linali kuti? Malamulo analipo ndithu. America ili ndi lamulo la CLIA la mu 1988, lomwe linabwera zitaululika kuti malabu ena oyeza khansa ya khomo la chiberekero ankathamangitsa ogwira ntchito kuti aone magalasi ochuluka pa tsiku, mpaka khansa ina inkawadutsa osaiona. Lamuloli linaika malire: munthu mmodzi asapitirire magalasi 100 pa maola 24. Linakhazikitsanso mayeso a labu imene. Bungwe lakunja limatumiza zinthu zoti ziyezedwe zomwe yankho lake likudziwika kale, labu imayeza, kenako amafananitsa. Chofunika n'chakuti iziyeze ngati mmene imayezera magazi a wodwala. Tyler Shultz, mnyamata amene ankagwira ntchito ku Theranos, anakadandaula ku boma la New York kuti pa mayeso amenewa kampaniyo inkachita chinyengo. Tingoti ngati wophunzira wolembetsa mayeso kwa mnzake wanzeru.

Panalinso chibowo china chachikulu. Bungwe la FDA limaunika zipangizo zoyezera matenda zimene zimagulitsidwa, koma kwa zaka zambiri silinkalowerera njira zoyezera zimene labu yapanga yokha ndi kugwiritsa ntchito mkati mwake. Theranos inabisala pamenepo. Kamakina sinkakagulitsa, inkangolandira magazi, ndiye panalibe woikakamiza kusonyeza umboni kuti kamayeza zoona isanayambe kubaya anthu zala.

Oyendera a bungwe la CMS, lomwe limatsata lamulo la CLIA, atalowa mu labu ya ku Newark, California, anapeza zoopsa. Wina amene anawatsina khutu anali Erika Cheung, yemwenso anagwirapo ntchito kumeneko. Mu Januwale 2016 analemba kuti zofooka za labuyo zikuika moyo wa odwala pachiswe. Zina zinali zokhudza kuyeza nthawi imene magazi amatenga kuti aundane, zomwe dokotala amadalira poika mlingo wa mankhwala a warfarin. Mlingo ukachuluka munthu amataya magazi, ukachepa magazi amaundana m'mitsempha. Chaka chomwecho Theranos inafafaniza zotsatira za zaka ziwiri za makina a Edison, ndipo Holmes analetsedwa kukhala ndi labu kwa zaka ziwiri. Kampani inatsekedwa mu 2018.

Pa mlandu wake, mayi wina anachitira umboni kuti zotsatira zinasonyeza ngati akupita padera, pomwe mimba inali bwinobwino ndipo mwana anabadwa. Wina zinamuonetsa ngati ali ndi kachilombo ka HIV, alibe. Komabe mu Januwale 2022 Holmes anapezeka wolakwa pa milandu inayi yonamiza oika ndalama mu kampani, ndipo pa milandu yonamiza odwala anamumasula. Anamugamula zaka 11 ndi miyezi itatu. Kunena zoona, apa mpomwe pamandiwawa: ndalama za olemera zinapeza chilungamo, mayi uja ayi. Ndipo chibowo chija sichinatsekedwe. FDA inatulutsa lamulo loti iziunika njira zoyezera zopangidwa ndi malabu mu 2024, koma khoti la ku Texas linalithetsa mu Malichi 2025.

Kuno kwathu tilibe Edison, koma timalabu ta m'zipatala zolipira tachuluka m'tauni, ndipo funso ndi lomwelo. Ogwira ntchito mu labu amayenera kulembetsa ku Medical Council of Malawi. Muyezo wa dziko lonse wa malabu a zachipatala ndi ISO 15189, ndipo m'chigawo chino satifiketi yake imaperekedwa ndi bungwe la SADCAS lomwe lili ku Gaborone. Palinso ndondomeko ya WHO yotchedwa SLIPTA, imene imapatsa labu nyenyezi kuyambira ziro mpaka zisanu pamene ikukwera kupita ku muyezowo. Sikulakwa kufunsa pa kauntala kuti labu yawo ili ndi chiyani mwa zimenezi.

Ndipo zotsatira zikakudabwitsani, kayezetseninso kwina musanayambe kapena kusiya mankhwala. Ngakhale pa HIV, kuyambira 2019 WHO imalangiza kuti munthu asauzidwe kuti ali ndi kachilombo mpaka zipangizo zitatu zosiyana zitasonyeza chimodzimodzi motsatizana.