Mfuti ya chipolopolo chimodzi ndi vuto la mvuu ku Dwambazi

Unduna, kudzera ku nthambi yoona za malo osungirako nyama zakutchire, ukufuna kufotokozera alimi, asodzi, amalonda ndi anthu onse a ku Dwambazi komanso a m'madera ena a m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhotakota za mfuti zolowa chipolopolo chimodzi pa nthawi. Mpunga ukayamba kubereka m'madambo, mvuu zimatuluka usiku, ndipo munda umene banja lavutikira kwa miyezi ingapo ukhoza kuphwasuka kusanache. Pa nthawi ngati imeneyo ndi pamene pamamveka mawu akuti kale mlenje mmodzi, ali ndi mfuti ya chipolopolo chimodzi, ankathetsa vuto lotere. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake, koma amasiya kunja zinthu zimene zinkachititsa kuti mlenjeyo abwerere kwawo wamoyo.

Mfuti si yachilendo m'dera lino. M'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota ndi kuyambitsa malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo, zimene zinkaoloka nyanja pa zombo kupita ku Kilwa. Pobwerera, amalondawo ankabweretsa nsalu, mikanda, onga ndi mfuti zothirira onga kukamwa, zija anthu amazitcha gogodela. Alenje achizungu anabwera pambuyo pake. Alfred Sharpe, yemwe anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland, anafika m'dziko muno m'chaka cha 1887 ngati mlenje wa njovu ndi wogula minyanga.

Nthawi imeneyo n'kuti ku Ulaya kutatuluka mfuti zamtundu wina, zoikira chipolopolo chakumbuyo kwa mpope. Asilikali a ku Britain analandira Martini-Henry m'chaka cha 1871, ndipo m'chaka cha 1872 John Farquharson wa ku Scotland analembetsa mfuti ya luso lake, imene George Gibbs wa ku Bristol ankapanga. Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Mlenje akakankhira pansi chogwirira cha kunsi kwa mfuti, chitsulo chotseka kumbuyo kwa mpope chimatsetserekera pansi ndipo chikhokhombe cha chipolopolo chakale chimatuluka. Amalowetsa chipolopolo china ndi dzanja, n'kubweza chogwiriracho. Frederick Selous, mlenje amene anatchuka m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, anakonda kwambiri mfuti ya Gibbs imeneyi. Mpaka lero kampani ya Ruger ya ku America imadziwika ndi mfuti yotchedwa No. 1, imene inatuluka m'zaka za m'ma 1960 motsatira luso lomwelo.

Chimene alenje amaikondera mfuti yotere n'chomveka. Ili ndi zitsulo zochepa zoyenda, choncho siwonongeka msanga ndi fumbi kapena matope. Chitsulo chotsekera chija n'cholimba kwambiri, moti chimapirira zipolopolo zamphamvu zophera nyama zikuluzikulu. Popeza ilibe mosungira zipolopolo zambiri, imakhala yaifupi kuposa mfuti zina za mpope wotalika mofanana, ndipo imakhazikika bwino m'manja pokweza paphewa. Ikatsegulidwa, aliyense amene ali pafupi amaona ndi maso kuti mulibe kanthu, chimene ndi chitetezo chachikulu pagulu. Koma chokoka chenicheni chili m'mutu mwa mlenje. Munthu amene akudziwa kuti ali ndi mwayi umodzi wokha sathamangira kuwomba. Amayang'ana kumene mphepo ikuchokera, amayandikira pang'onopang'ono, amadikira kuti nyama itembenuke bwino, ndipo ikapanda kutero amabwerera osawomba. Okonda mfuti zimenezi amati kudziletsa kumeneku ndiye ulenje weniweni, ndipo pamenepa sakunama.

Apa m'pamene nkhani zokambidwa pamoto zimadumpha mbali yofunika. Alenje aja sankayenda okha. Selous, pamene ankasaka njovu ndi mfuti zothirira onga kukamwa ali mnyamata, ankakhala ndi munthu pambuyo pake atanyamula mfuti yachiwiri yodzaza kale, ndipo iye mwini anadzavomereza kuti kugunda kwa mfuti zazikuluzo paphewa kunamusokoneza kawombedwe kwa moyo wake wonse. Ogwiritsa ntchito mfuti za chipolopolo chimodzi ankapanira zipolopolo zina pakati pa zala kuti alowetse msanga, luso limene limabwera munthu atayeserera kambirimbiri. Lero, m'mayiko amene amalola ulenje wa nyama zoopsa, mlendo wosaka amaperekezedwa ndi katswiri wokhala ndi chiphaso, amene mfuti yake imawomba kawiri kapena kuposerapo. Ambiri mwa mayikowo amaikanso malire pa kukula kwa chipolopolo, ndipo muyeso wodziwika ndi wa .375, umene kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa m'chaka cha 1912. Chipolopolo chimodzi chija chimakhala ndi zipolopolo zina zochiteteza kumbuyo.

Gogodela wosulidwa m'mudzi alibe chilichonse mwa zimenezi, ngakhale nayenso amawomba kamodzi. Mpope wake sunayesedwe ndi wina aliyense, onga umathiridwa mongoyerekeza, ndipo akaphulika amaphulikira m'manja ndi kumaso kwa mwini wake. Chipolopolo chake sichilowa mokwanira m'thupi la nyama yaikulu. Kuti adzazidwenso pamafunika nthawi imene munthu amene wayang'anizana ndi mvuu sangakhale nayo.

Mvuu yaikulu imalemera makilogalamu 1,500 kapena kuposa, ndipo pamtunda imathamanga pafupifupi makilomita 30 pa ola, liwiro limene mlimi sangalipose m'matope a m'munda wa mpunga, mumdima. Ikadzidzimuka imalunjika kumadzi, ndipo aliyense amene waima panjira yake imamupitirira. Malo amene chipolopolo chingaigwetse nthawi yomweyo ndi aang'ono kwambiri pa thupi lalikulu chotero. Kawirikawiri mvuu yowomberedwa usiku siifa. Imabwerera mumtsinje wa Dwambazi kapena m'nyanja ili ndi bala, ndipo amene amakumana nayo m'mawa ndi msodzi ali m'bwato, mayi wokachapa kudooko kapena mwana wokatunga madzi. Woiwombayo amakhala ali kunyumba.

Njovu ndi chimodzimodzi, kungoti kukula kwake n'koposa. Nkhalango ya Nkhotakota, ya makilomita 1,800 m'bwalo lake lonse, inali ndi njovu zoposa 1,500, koma pofika m'chaka cha 2015 zinatsala zosakwana 100 chifukwa cha kupha mozembera malamulo. M'chaka chimenecho boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyang'anira nkhalangoyi, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Mpanda wamagetsi unamangidwa kuti nyama zisalowe m'minda. Wodula waya wa mpandawo kuti akatchere misampha amatsegulira njovu njira yopita ku chinangwa cha anansi ake.

Malamulo ali m'magawo awiri, ndipo ambiri amawasokoneza. Kukhala ndi mfuti kumayendera lamulo la Firearms Act, ndipo chiphaso chake chimachokera ku polisi. Mfuti ya chipolopolo chimodzi ndi mfuti ndithu pamaso pa lamulo, kaya inagulidwa kusitolo, kaya ndi yosiyidwa ndi agogo, kaya yakhala kudenga zaka zambiri osawomba. Kupha nyama yakutchire kumayendera lamulo lina, la National Parks and Wildlife Act, limene linakhwimitsidwa m'chaka cha 2017 kotero kuti mlandu wokhudza nyama zotetezedwa kwambiri, monga njovu, chipembere ndi ngaka, ukhoza kufika pa zaka 30 za ukaidi. Chiphaso cha mfuti si chilolezo chosaka. Lamuloli limazindikira kuti munthu akhoza kudziteteza pamene moyo uli pangozi ndipo palibenso njira ina, koma limafuna kuti nkhaniyo ikanenedwe msanga kwa akuluakulu oona za nyama zakutchire, ndipo nyama yophedwayo, pamodzi ndi mano, minyanga ndi chikopa chake, imakhala ya boma. Kubisalira mvuu usiku ndi mfuti pamphepete pa munda n'kovuta kukutchula kudziteteza m'bwalo la milandu.

Amalonda a m'misika ya mumsewu wa M5 adziwenso kuti kugula kapena kugulitsa nyama yakutchire, mano a mvuu, zipolopolo kapena onga popanda chilolezo ndi mlandu pawokha, ngakhale wogulitsayo sanagwirepo mfuti.

Mvuu, ng'ona kapena njovu ikayamba kuvutitsa, mlimi akanene kwa nyakwawa, kwa mlangizi wa zaulimi, ku polisi yapafupi kapena ku ofesi ya nthambi yoona za nyama zakutchire, ndipo atchule malo, nthawi imene nyamayo imatuluka ndi njira imene imadutsa. Alonda a nyama zakutchire ndiwo ali ndi udindo wothamangitsa nyama yovutitsa, ndi kuipha ngati palibe kuchitira mwina. Nyama ikavulazidwa kale, ndi mfuti kapena ndi msampha, uthenga upite tsiku lomwelo ndipo asodzi ndi onse ogwiritsa ntchito dooko achenjezedwe asanalowe m'madzi. Banja limene lili ndi mfuti yopanda chiphaso lidziwitse apolisi, ndipo pasakhale woiyesa ngati ikuwombabe, chifukwa gogodela wakale akhoza kukhala ndi onga m'kati ngakhale papita zaka zambiri.