Makolo akalowerera ndi mowa, amene amalipira ndi ana

Mwezi ukatha ku Canongola, mumzinda wa Tete, mabaraka amadzaza anthu amene angolandira kumene malipiro. Kumaboma a alimi monga Angónia, Tsangano ndi Macanga, zomwezi zimachitika fodya, soya ndi mbatata ya kachewere zikagulitsidwa. Anthu amaseka kapena kudzudzula munthu amene akudzandira pamsewu, koma amaiwala ana amene akumudikira kunyumba. Ana amenewa sanalaweko kachasu kapena chamba, komabe ndi amene amasenza mavuto ambiri.

Vutoli limatha kuyamba mwana asanabadwe. Mayi woyembekezera akamwa mowa, mowawo umadutsa m'magazi ake n'kukafika kwa mwana. Ukhoza kuwononga ubongo wa mwanayo, ndipo akabadwa amatha kukula monyentchera, kuchedwa kuyankhula komanso kuvutika kumva zimene akuphunzitsidwa kusukulu. Kuwonongeka kumeneku sikuchira. N'chifukwa chake azaumoyo amalangiza kuti mayi woyembekezera asamwe mowa wamtundu uliwonse, ngakhale pombe wophikidwa pakhomo.

Chachiwiri ndi njala. Ndalama yopita ku mowa ndi yomwe ikanagula ufa, sopo, makope ndi feteleza. Kumudzi, kholo lina limayamba kutapa chimanga m'nkhokwe n'kumagulitsa pang'onopang'ono, ndipo pofika Januwale banja limakhala likudalira ganyu m'minda ya ena, munda wawo ukumera udzu. Mutauni, lendi ya nyumba ikalephereka, ana amatumizidwa kwa agogo kumudzi pakati pa chaka cha sukulu.

Chachitatu ndi mantha. Mwana amafuna kudziwa chimene chichitike mawa, koma m'nyumba ya chidakwa zimenezi sizidziwika. Lero bambo abwera akuimba, mawa abwera akumenya. Mwana wotere sagona bwino, ena amakodza pamphasa atakula kale, ndipo m'kalasi amangokhala duu kapena amakhala wandewu. Ambiri amaganiza kuti iwo ndi amene achititsa mkanganowo, ndipo amabisa nkhaniyo chifukwa cha manyazi.

Mwana wamkulu, makamaka mtsikana, amasanduka kholo. Amaphika, amatunga madzi, amabereka makanda, ndipo sukulu imatsalira. Apa ndi pamene ukwati umaoneka ngati pothawira, ngakhale kuti lamulo nambala 19/2019 limaletsa kukwatiwa kapena kukwatira munthu asanakwanitse zaka 18. Nayenso mwana amene amatumidwa kukagula kachasu kapena chamba amazolowera zinthuzo ali wamng'ono, ndipo n'kosavuta kuti ayambe kulawa. Lamulo la boma limaletsa kugulitsa mowa kwa aliyense wosakwana zaka 18, pomwe lamulo nambala 3/97 limaletsa kulima, kugulitsa ndi kusuta chamba.

Achibale ambiri amadikira kuti kholo lisiye kaye mowa kuti zinthu zikhale bwino. Koma mwana akukula lero, ndipo sangadikire. Munthu wamkulu mmodzi wodalirika, kaya ndi agogo, atsibweni, mphunzitsi kapena woyandikana naye nyumba, akhoza kusintha zambiri: kumupatsa chakudya, kuonetsetsa kuti akupita kusukulu, kumutsegulira chitseko usiku wa ndewu, ndi kumuuza momveka bwino kuti iye si wolakwa. Paja akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pamene pali kumenya, nkhaniyo isathere kwa ankhoswe okha. Lamulo nambala 29/2009 limati nkhanza zochitira amayi m'banja ndi mlandu, ndipo lamulo nambala 7/2008 limateteza ufulu wa ana. Apolisi ali ndi ofesi yapadera yolandira mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza. Mwana kapena munthu wamkulu akhozanso kuimba mwaulere pa nambala 116, ya Linha Fala Criança. Mfumu kapena mlembi wa bairro akhoza kuperekeza banja limene likuopa kupita lokha.

Nalonso kholo likufunika thandizo. Kulephera kusiya mowa kapena mankhwala ozunguza bongo ndi matenda, ndipo kunyoza kokha sikuchiza. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa akhoza kuyamba kunjenjemera, kuona zinthu zomwe palibe, ngakhale kugwa ngati wakhunyu. Ayambe wapita kuchipatala cha m'dera lake, komwe angamuthandize kapena kumutumiza kwa azaumoyo wa maganizo ku Hospital Provincial de Tete. Ena amasiya n'kuyambiranso, koma kuyambiranso sikutanthauza kuti chithandizo chalephera, abwererenso kuchipatala.

Kwa alimi, nthawi yabwino yokambirana ndi pamene mbewu zisanapite kumsika. Banja ligwirizane kuti chimanga cha chakudya chisakhudzidwe, ndipo ndalama ya sukulu ndi ya feteleza ipatulidwe tsiku lomwelo la malipiro.